Mkango wa a Yusufu

Amuna anga, malemu a Yusufu, anali munthu wa nkhani. Asanabwerere kwathu ku Chiuta kudzagwira ukonde, anagwirako ntchito yaulonda ku Limbe, ndipo zimene anaona kumeneko anazifotokoza mpaka tsiku limene chifuwa chinawatseka pakamwa. Ankati ku Blantyre kuli nyali za pamsewu zolamula galimoto, kuli nyumba zosanjikizana zimene munthu amakwera ataimirira m'kabokosi, ndiponso kuti pakati pa tauni pali mkango weniweni, wotsekeredwa m'khola la zitsulo, umene makolo amapita kukaonetsa ana awo pa holide. Ine ndinkangomvera uku ndikutumbula nsomba. Amene ankameza mawu aliwonse anali mwana wathu wamkulu, Asiyatu.

Chaka chimene bambo akewo anatisiya, Asiyatu anali mu Sitandade 6. Sukulu ili pafupi kutsekera, aphunzitsi anafunsa ana kuti atchule zimene munthu angakaone mumzinda pa holide. Mwana wanga anaimika mkono n'kunena za mkango uja. Pompo Zainabu, mwana wa a Tcheya a amayi a chipani m'dera lathu, anadzuka n'kunena kuti amayi ake amapita ku Blantyre chaka ndi chaka kukavina, ndipo sanaonepo ngakhale mchira wa mkango. Kalasi yonse inaseka. Pofika madzulo a Tcheya eni ake, Abiti Mdoka, anali ataithira mchere nkhaniyo pachitsime: "Lisimba? Ngapagwa! Kulibe mkango ku Blantyre. A Yusufu ankanama ali moyo, lero akunamabe ali m'manda."

Asiyatu anatsomeka makope ake kudenga n'kunena kuti sukulu ikadzatsegulidwa iye sadzapondako. Ndinakalipa, ndinanyengerera, ndinalonjeza diresi. Makope anakhalabe kudenga. Anzake akamuona akupita kotunga madzi ankabangula kumbuyo kwake n'kumakuwa kuti, "Mwana wa mkango! Mwana wa mkango!" Amalume ake atamva kuti makope ali kudenga sanachedwe, anayamba kundiuza za mnyamata wina wa maukonde awiri ndi njinga amene ankafuna mkazi. Apa m'pamene ndinaona kuti si nkhani yoseka nayo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinawamba nsomba za makumba ndi milamba dengu lathunthu, ndinapinda nsalu yanga ya chipani n'kuiika pansi pa katundu, poti masiku amenewo mkazi wanzeru sankayenda ulendo popanda nsaluyo, ndipo ndinauza Asiyatu ndi mng'ono wake Patuma kuti akwechese mapazi, tikupita ku Blantyre.

"Tikakaupeza mkangowo, ubwerera kusukulu?" ndinamufunsa.

"Ndibwerera, amayi."

"Nanga tikakapanda kuupeza?"

"Tikaupeza. Ababa anauona."

Chimene sindinamuuze n'chakuti ineyo mtima unali pawiri. A Yusufu ndinkawakonda, koma mlamba wotalika ngati mkono ukadutsa pakamwa pawo unkafika msinkhu wa munthu.

Galimoto yochoka kwathu inali imodzi yokha, lole ya matola imene inkanyamula nsomba ndi anthu mosasiyanitsa. Tinafika pamtengo wokwerera tambala atangotsika, koma dzuwa linatipeza pomwepo, linakwera, linatiwotcha m'khosi, a dalaivala akudikirabe kuti lole idzaze. Kudzaza kwake kunali koti munthu akakweza mwendo asapezenso pouponda. Mtengo unali wakuti wamkulu makwacha awiri, mwana theka, dengu ngati munthu wamkulu. Ndinakangana nawo kuti dengu lilibe matako, koma iwo anati limanunkha kuposa anthu atatu, ndiye ndingothokoza. Loleyo inalibenso sitata, inkadzuka ndi mapewa a anthu. Paliponse pamene mchenga unachuluka amuna ankatsika kukankha, ife akazi tikuwalimbikitsa ndi pakamwa tili pamwamba.

Patuma anali ndi zaka zisanu ndipo analibe chinsinsi m'mimba. Tisanafike n'komwe pa Ntaja anali atauza lole yonse kumene tikupita ndi chimene tikukaona. Mkulu wina wa chipewa choyera, amene anakumbatira mawilo a njinga ulendo wonse, anagwedeza mutu.

"Unalipo mkangowo, mwanangu. Ine ndinagwira ntchito ku tiyi ku Thyolo, ndinkamva. Koma akuti unafa kalekale, chaka cha chilala."

Ndinamuyang'ana Asiyatu. Anali atatembenukira kuphiri, akupenya ngati sanamve. Ndinawapatsa mkuluyo chinangwa chophika kuti pakamwa pawo papeze ntchito ina.

Pa Liwonde tinafika dzuwa litapendeka, nkhope zathu zili mbuu ndi fumbi. Pamlatho wa Shire, paja pali zitseko zotsekera madzi, tonse anatitsitsa. Inali nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ndipo ife a ku Chiuta ankatifunsa mafunso ambiri kuposa ena, kufuna kudziwa ngati tili a mbali ino ya nyanja kapena ya uko. Apolisi atatha, panabwera anyamata a chipani a malaya ofiira aja, ofuna makhadi. Ndinatulutsa langa ndi la Asiyatu. Mnyamatayo, amene ndevu zinali zisanamere n'komwe, analoza Patuma ndi chibwano.

"Nanga uyu?"

"Uyu ndi khanda, achimwene."

"Khanda loyenda lokha? Mtendere umene akudyawu akuudya ulele?"

Ndinamasula mfundo ya nsalu n'kumugulira Patuma khadi. Iye anasangalala kwambiri, analigwira m'manja ngati bisiketi, ndipo tisanakwere basi ya ku Balaka anali atatafuna ngodya imodzi. Tikudikira basiyo mvuu zinatulutsa mitu m'munsi mwa mlatho, ana a anthu ena akulozerana n'kumakuwa. Asiyatu sanadzuke n'komwe pamwala pamene anakhala. Mvuu anabadwa nazo, iye sanabwerere zimenezo.

Ku Balaka kunali mkulu wanga Amina, amene anakwatiwa ndi a Fulanki, Mkatolika wogwira ntchito kunjanji. Ndinadzera kumeneko dala, chifukwa anthu a ku Balaka amakhala kutali ndi madzi ndipo nsomba amailemekeza. M'mawa mwake ndinakhala pamsika n'kutsegula kukhosi. Mulungu sanandipatse nkhope yoimitsa anthu, koma anandipatsa mawu. Ndikati "Makumba a ku Chiutaaa!" ngakhale amene ali kusiteshoni amatembenuka. Dzuwa lisanafike pamutu dengu linali litayera, ndalama ya ulendo ili pamfundo.

Alamu anga a Fulanki ndiwo anafuna kundiwonongera tsiku. Anali munthu wabwino, koma wodziwa zonse.

"Mlamu, mukutaya ndalama. Ine ku zuu kumeneko ndinadutsako. Muli anyani okhaokha ndi fisi mmodzi wa chifuwa. Bwanji ndiwakweze anawa m'sitima yoima apa, aone mipando, mubwerere kwanu?"

"Munalowa m'kati, alamu?"

"Iyayi, ndinasuzumira pampanda."

"Ndiye ife tikalowa."

Ndinayankha molimba chifukwa mwana anali pomwepo, koma mawu a alamuwo anandikhala pamtima. Uyu akuti unafa, uyu akuti kulibe. Amina anandikokera kuseri n'kundifunsa kuti ndidzatani mwanayo akakapeza khola lopanda kanthu, poti pamenepo adzakhala atataya bambo ake kachiwiri. Ine ndinangomupempha botolo la madzi ndi zitumbuwa za panjira.

Basi imene tinakwera pa depoti ya Balaka inali ya lokolo, ija imaima paliponse pamene munthu watukula mkono, ngakhale amene akungokanda m'khwapa. Inadzera njira ya ku Phalula, imene masiku amenewo inali fumbi ndi mabampu, akuti phula likubwera. Pamwamba panali matumba a chimanga, mbuzi yomangidwa miyendo, ndi bedi la munthu wina. Pafupi nane panakhala mayi wa nkhuku ziwiri amene ankapita kuchipatala kukaona mwamuna wake, ndipo nkhuku imodzi inagona pamiyendo ya Patuma ngati inalipira.

Titangodutsa sitolo za pa Phalula tinamva phwaa! kutsogolo, kenako fungo la mphira wopsa. Basi inayenda pang'ono n'kuima pansi pa mlambe. Lamba wa injini anali ataduka.

Kondakitala anatiuza kuti tisadandaule, ndi nkhani ya mphindi zochepa. Aliyense amene anayendapo pa basi amadziwa kutalika kwa mphindi za kondakitala. A dalaivala anavula malaya, anatuma anyamata kukasenda luzi la mlambe, analipota bwinobwino n'kulikoleka m'malo mwa lamba. Tinakwera tonse, tinawaombera m'manja, basi inayenda mtunda woti munthu angaponye mwala, luzi linaduka. Tinatsikanso. Anapota lina lokulirapo, nalonso linaduka basi isanasunthe. Pamenepo kondakitala anabwereka njinga kuti akaimbe foni ku Balaka, ndipo anapita ndi chikwama cha ndalama zathu pakhosi.

Ku Phalula kumatentha mwamwano. Mthunzi wa mlambe m'chilimwe ndi wa dzina lokha, poti masamba amakhala atayoyoka. Madzi a Amina anatha, tinayamba kugula a m'ndowa kwa atsikana a m'mudzimo, amene anaona kuti Mulungu wawagwetsera msika pakhomo. Kunabwera ogulitsa malambe, masawu, thobwa, kenako anyamata a mbewa zopanidwa pa timitengo. Patuma anaziona n'kuyamba kulira kuti akufuna "tinsomba ta michira". Ndinamuuza kuti ife Asilamu sitidya zimenezo, iye anati angolawa mchira wokha. Anthu anaseka mpaka mayi wa nkhuku uja anatsamwa thobwa.

Ine kuseka kunali kutandithera. Ndalama imene ndinali nayo inali yokwanira kufika, kulowa ku zuu, ndi kubwerera. Kondakitala akapanda kubwera, kulipiranso galimoto ina kukanadya yolowera kwa mkango. Magalimoto odutsa anali ochepa, ndipo ataona khamu lathu ankawonjezera moto. Dzuwa linayamba kutsika. Asiyatu anabwera kudzakhala pafupi nane n'kufunsa chapansipansi ngati tibwerere. Ndinamuuza kuti ngakhale wapansi tikafika, koma m'mene ndinkanena choncho maso anga anali pa mapazi a Patuma.

Kenako tinamva nyimbo. Inkachokera kumbali ya Balaka, yosasa, yotopa, ikubwera ndi fumbi lake. Inali lole yaikulu ya boma yodzaza amayi ovala nsalu za chipani, opita kukalandira a Pulezidenti amene ankabwera kuchokera kunja. Lole zoterozo sizinkaimira munthu. Koma iyi inaima, chifukwa amayi anafuna kupita kuseri kwa tchire. Ndipo woyamba kutsika kutsogolo, kawenzulo kakulendewera pakhosi, anali Abiti Mdoka, a Tcheya a kwathu. Anadzera ku Balaka kukatenga matumba a ufa wa ovina.

M'dziko lonse la Malawi, munthu amene sindinkafuna kumupempha kanthu anali ameneyu. Kuwonjezera pa zimene ananena pachitsime, ndi iwo amene anandichotsa pamzere wa ovina zaka zam'mbuyo, pamaso pa anthu, chifukwa miyendo yanga simva ng'oma: anzanga akapita kumanja, ine kumanzere. Ndinayang'ana ana anga, ndinapita kukagwada m'fumbi.

"Abiti Jafali! Mukutani kuno?"

"Basi yatifera, a Tcheya. Chonde, tikwezeniko."

"Iyi si matola. Muno mumakwera ovina, ovala nsalu. Inu mumavina?"

"Nsalu ndili nayo."

Ndinaitulutsa pansi pa dengu. A Tcheya anailandira, anaifunyulula, kenako anaiika pamphuno.

"Mwakulungira nsomba nkhope ya a Pulezidenti?"

Anthu ankasowa chifukwa cha milandu yochepa kuposa imeneyo. Ndinati, "Iyayi, a Tcheya, nsaluyo ndinaikulunga m'pepala. Koma ineyo ndimanunkha nsomba, ana angawa amanunkha nsomba, ndalama imene ndinagulira nsaluyo inkanunkhanso nsomba, ndipo munailandira."

Wina kumbuyo analephera kudzigwira, anaphulika ndi kuseka, ndipo lole yonse inatsatira. A Tcheya anapotoza pakamwa, koma ndinaona kuti mlandu wagwa. Pamenepo mayi wina wachikulire anawanong'oneza kanthu. Vuto lawo linali lakuti Abiti Sumani, amene ankayambitsa nyimbo, mawu anali atasasa ndi fumbi chichokereni ku Ntaja, ndipo gulu lolowa mu Blantyre mwakachetechete linkafunsidwa mafunso. A Tcheya anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kuvina simudzavina, mungatichititse manyazi. Muziyambitsa nyimbo kuchokera pano mpaka ku Blantyre, osapuma. Anawo akhale pansi pakati pa matumba, asaoneke pa rodibuloko."

Ukaipa dziwa nyimbo. Ndinavala nsalu ija mosamala, kuonetsetsa kuti nkhope ili kutsogolo, poti kuikhalira unalinso mlandu wina, ndipo ndinakwera. Mayi wa nkhuku uja ndinamusiya pansi pa mlambe akutiyang'ana, ndipo mpaka lero ndimafuna kudziwa ngati mwamuna wake anamupeza.

Ndinaimba. Ndinaimba ngati ndikugulitsa makumba a dziko lonse. Amayi amene ankawodzera anadzuka n'kuyamba kuvomera, a Tcheya akumenya chitseko cha lole ndi dzanja kusonyeza kuti zikuyenda. Tinawoloka Shire kachiwiri, apolisi akungotikweza manja. Zonse zikanatha bwino pakanapanda Patuma. Titaima pa Lirangwe kuti dalaivala athire madzi m'injini, mutu wake unatuluka pakati pa matumba, uli mbuu ndi ufa, n'kulengeza kuti, "Ife tikukaona mkango wa ababa!"

A Tcheya anatsika kutsogolo kuja n'kubwera kumbuyo, manja ali m'chiuno.

"Ndiye ulendo wake ndi umenewu? Mwawononga nsomba dengu lathunthu chifukwa cha bodza la a Yusufu? Chabwino. Mawa tikatha kuyeserera ndilamula dalaivala atipititse tonse, lole yonseyi. Bodzali likathere pamaso pa anthu, tisamadzavutikenso nalo kumudzi."

Walira mvula walira matope. Ndinkafuna galimoto, ndinapeza galimoto ndi mboni zodzaza lole. Tsopano khola likakapezeka lopanda kanthu, manyazi ake sakanakhala a ife atatu okha, akanakafika ku Chiuta ife tisanafike. Ndinayambitsa nyimbo ina.

Tinalowa mu Blantyre magetsi akuyamba kuyaka. Pamphambano ina lole inaima popanda wapolisi, popanda wotsika. Asiyatu anasuzumira n'kundikoka nsalu. Pamtengo wachitsulo panali nyali yofiira, ndipo magalimoto onse anaima duu kuidikira. Itasanduka yobiriwira, onse ananyamuka.

"Amayi, mwaona? Nyali zija."

"Ndaona, mwanangu."

Anatigoneka pasukulu ina, poti pa holide makalasi amakhala opanda ntchito. Amayi ankakankhira madesiki kukhoma kuti ayale mphasa. Asiyatu ndinamupeza atakhala pa desiki imodzi, manja atawasanjika bwinobwino, akuwerenga masamu amene aphunzitsi a kumeneko anaiwala kufufuta pabolodi. Kwathu ana ankakhala pansi, pafumbi. Mtima unandiwawa kumuona choncho, mwana wofuna sukulu chotere n'kumakambidwa za maukonde awiri ndi njinga.

M'mawa amayi anayeserera pabwalo mpaka fumbi linafika kumitengo, ine ndikuyambitsa nyimbo ndili chiimire pamalo amodzi monga mwa lamulo. Masana a Tcheya anasunga mawu awo. Lole inatitsitsa pachipata cha zuu, ndipo bambo wogulitsa matikiti ataona khamu la amayi a nsalu za chipani likubwera, sanafunse kanthu. Anatsegula chipata chonse n'kuima pambali, chipewa chili m'manja. Ndalama imene ndinkaidera nkhawa pa Phalula inakhala pamfundo pomwepo.

M'katimo munali holide yeniyeni. Mabanja a m'tauni anali atayala nsalu pakapinga, ana ovala nsapato ndi masokosi oyera akuthamangitsana, ena ali pa katungwe, Amwenye ndi mabasiketi awo a zakudya, bambo wina akujambula ana ake pafupi ndi kamba wamkulu. Anyani a alamu anga tinawapeza, fisi wa chifuwa tinamupezanso, ndipo ndinayamba kuopa kuti a Fulanki anasuzumira bwino. Asiyatu sanaime paliponse. Anafunsa bambo wina wa yunifolomu amene ankasesa, iye analoza kumapeto, ndipo tonse tinalondola, a Tcheya ali patsogolo.

Khola linalipo. Zitsulo zake zinali zonenepa ngati dzanja langa, kutsogolo kuli kampanda kofika m'chiuno. M'katimo munali simenti, chigodo cha mtengo, fupa lalikulu lozingidwa ndi ntchentche, ndi kakhomo kamdima kumbuyo. Mkango munalibe.

Tinadikira. Wosesa uja anati ulipo, ndi wokalamba, kukatentha umagona m'kachipinda kake ndipo umatuluka ukafuna wokha. Amayi anasuzumira, anaitana, wina anaponya chitumbuwa. Kakhomo kaja kanangoti bii. Ena anatopa n'kupita kukaona ng'ona, ngati kuti kwathu kulibe.

"Fupa ndi ilo, fungo ndi ili," anatero a Tcheya mokweza. "Nanenso ndikhoza kuika fupa m'khola n'kumalipiritsa anthu. Mwaona, Abiti Jafali? Amuna anu anaona fupa."

Ndinawapempha kuti tidikire pang'ono, kuona maso a nkhono n'kudekha. Anandipatsa nthawi, sindingawanamizire, koma dalaivala anayamba kuliza hutala kunja. Asiyatu anali atagwira kampanda kaja ndi manja onse awiri, maso ali pa kakhomo, milomo ikuyenda. Sindikudziwa ngati ankapemphera kapena ankalankhula ndi bambo ake. Ine ndinabereka Patuma kumbuyo, miyendo yake ili lendelende, ndikuganiza za mawu a Amina.

A Tcheya anali ndi mwambo wawo wosonkhanitsira gulu. Ankaliza kawenzulo kawo, ndipo mayi aliyense, kulikonse kumene ali, ankayenera kuyankha ndi nthungululu n'kuthamangira pamzere. Amene wachedwa ankamva zowawa. Ndiye anatembenuka, anatsamira kampanda kaja, msana ataulozetsa kukhola, anakoka mpweya n'kuliza. Amayi lole yathunthu anayankha nthawi imodzi, kuchokera kwa ng'ona, kwa anyani, kukatungwe, nthungululu yoti inamveka mpaka kumsewu.

Chimene chinayankha kumbuyo kwawo sindinachimve ndi makutu okha. Chinalowera kumapazi, chinagwedeza m'mimba, malata a khola ananjenjemera. Mkango unatuluka pa kakhomo kaja ngati nyumba ikuyenda, mutu wokhawokha, manyenje akuda, ndipo unafika pazitsulo n'kubangulanso kachiwiri, kukamwa kuli yasa, mkono umodzi kuchokera pa duku la a Tcheya.

Mzere umene a Tcheya anaitanitsa sunapangike tsiku limenelo. Amayi anabalalika ngati nkhuku zaona kabawi, ena kugwera m'maluwa, ena kukwera mabenchi, Abiti Sumani mawu anabwerera pompo. Kumsana kwanga kunafunda, Patuma anali atandinyowetsa. A Tcheya eni ake tinakawapeza kuseri kwa khola la kamba, nsapato imodzi, duku litatsala pakampanda, akutchula mayina a Mulungu amene sindinkadziwa kuti amawadziwa.

Munthu mmodzi yekha sanasunthe. Asiyatu anali pomwe paja, manja ali pakampanda, iye ndi mkango akuyang'anana. Unali wokalambadi, nthiti zikuoneka, diso limodzi lotuwa. Unayenda uku ndi uku, unayasamula, n'kudzigwetsa pasimenti pamaso pake penipeni. Ndinafika pafupi n'kumugwira paphewa. Misozi inali ikutsika, koma nkhope yonse ikuseka.

"Amayi, ababa sananame."

Ndinalira pamenepo, pamaso pa ana a masokosi oyera, ndipo sindinachite manyazi. Chimwalirireni amuna anga ndinali ndisanasangalalepo choncho.

Ndalama ya pachipata ija tinaidya. Ndinagulira ana ayisikirimu kwa bambo wa njinga ya belu, Patuma n'kumalira kuti akumuwotcha mano, koma osalola kuti wina amuthandize. Anakwera katungwe mpaka chizungulire. Tsiku lotsatira, a Pulezidenti atalandiridwa ndipo ine nditatsala ndi theka la mawu, tinapita kukafuna nyumba ya kabokosi kokwera nako. Mlonda anatibweza pakhomo atayang'ana mapazi athu. Sindinakangane naye. Za kabokosizo ndinawakhulupirira a Yusufu popanda umboni.

Tinabwerera pa lole yomweyo, ulele, kudzera ku Zomba. Ndinkaganiza kuti a Tcheya akhala chete ulendo wonse, koma sindinkawadziwa bwino. Pofika pa Namadzi nkhani inali yakuti iwo ndi amene anaudzutsa mkangowo, umene unakana kutulukira Azungu ndi Amwenye koma unamvera wenzulo wa Abiti Mdoka. Pofika pa Liwonde unali utawanyambita duku. Pofika ku Chiuta unali waukulu kuposa ng'ombe ziwiri, woposa ngakhale umene a Yusufu ankafotokoza. Ndipo masiku amenewo, ndani akanaimirira n'kunena kuti a Tcheya akunama? Pachitsime pomwe paja ndinawamva ndi makutu anga akuti, "A Yusufu anali munthu woyenda, osati enanu."

Tsiku lotsegulira sukulu ndinadzuka n'kupeza makope atatsika kale kudenga. Chiswe chinali chitadya ngodya za kope la masamu, koma ena onse anali bwino. Amalume ake anabwera madzulo ndi nkhani ya mnyamata wa njinga uja, ndinawapatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kuwauza kuti mwana ali kusukulu.

Dzina lija silinachoke. Ana anapitiriza kumuitana nalo, kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano ankayankha. Lero Asiyatu ndi mphunzitsi ku Balaka, tsitsi lake layamba kuyera, ndipo ine ndimakhala kwa iye poti maso anafooka. Anthu a kwathu akabwera kudzationa amaima pachipata n'kufunsa kuti, "Odi! Kodi pano ndi pa a Mwana wa Mkango?" Iye amasiya makope amene akuchonga, amapukuta manja, n'kuyankha kuti, "Ndi pompano. Lowani."